Mtsuko wa Matondo wa Bambo Anga

Kuno ku Doha, kudera la Bin Omran, nyumba zinasanjikizana zina pamwamba pa zinzake ngati zisa za atchete. Ndinabwera kudzalera zidzukulu, poti mwana wanga Lusiya ndi nesi, amagwira mashifiti osadziwa kuti lero ndi Sabata. Ine Esinati wa ku Kasungu, wa sitandade thu, kukwera ndege! Ndinaimba kuyambira ponyamuka mpaka potera, anthu n'kumacheuka. Ndimvekere cheukani, cheukani, mundione bwino, lero mwana wa aPhiri ali m'mitambo!

Koma anzanga, dziko lino n'lachete. Panja pamawotcha ngati pa chiwaya, m'nyumba makina akuuzira mphepo ya Juni chaka chonse. Ndakhala miyezi osamva nkhululu, osaona chiwala, ngakhale gulugufe wosochera.

Tsiku lina masana mdzukulu wanga Takondwa anabwera ndi purojekiti ya kusukulu. "Agogo, yala, bwerani muone," anatero, mmene amafulumizirana ana a kuno. Anandionetsa chithunzi cha mzungu wokalamba, maso olowa mkati. Akuti anali wa ku Mangalande, kalekale, nthawi ya mfumukazi ija. Moyo wake wonse ankadwaladwala, ndiye ankangokhala pakhomo ndi mkazi wake ndi ana ake, n'kumaphunzira tizilombo ndi maluwa, anzake n'kumabwera kudzatsutsana naye.

Ndinati, "Iwe, ameneyo ndi bambo anga."

"Agogo inunso!" Anaseka mpaka kugwa pampando. Inenso ndinaseka.

Bambo anga aPhiri, bambo anga ine, anali aphunzitsi pa kasukulu ka mishoni m'mudzi wa amayi, mpaka mphumu inawalanda choko. Chifuwa chawo chinkaimba mluzu. Ukakhala kuseri kwa nyumba unkadziwa kuti ali mkati, ndiponso unkadziwa ngati lero kwacha bwino kapena ayi. Mwezi uno akuyenda, mwezi wa mawa ali pamphasa atatsamira thumba la chimanga, poti kugona chagada sankatha. Khasu linkawakana. Mkamwini wosalima, inu! Anthu ankayankhula, ankayankhuladi. Amayi, aNabanda, ankalima okha, akaweruka n'kudzawapaka mafuta a nsatsi pachifuwa ndi kuwafukiza masamba a bulugama. Fungo limenelo ndi fungo la ubwana wanga. Ndikalimva m'mankhwala a chimfine a kunowa, ndimatembenuka kufuna mphasa ija.

Munthu wosatha kupita kudimba, dimba linabwera kwa iye. M'nyumba mwathu munali zikho, zitini, mapale, chilichonse chili ndi mwini wake wamoyo. Umu muli bwamnoni, umu muli nkhululu, umu muli mbozi yaubweya. Ife ana ntchito yathu inali kuthyola masamba, aliyense ndi kachilombo kake kodyetsa. Tsiku lina anaika chiswamphika pathandala pafupi ndi miphika. Amayi anakuwa, "APhiri, mufuna ndiziphikira m'manja?" Iwo anati, "Tiyeni tidikire, aNabanda, tione ngati usweke." Tinadikira. Mphika sunasweke. Amayi anati chiswamphikacho chinali chaulesi, chinatengera mwini wake. Bambo anaseka mpaka mluzu unasanduka chitoliro.

Ndiye panali Che Bwanali. Ee, Che Bwanali! Telala, Myao wochokera kummwera, wosoka pakhonde la sitolo kumsika. Poyamba anabwera kudzayeza bambo jekete. Anawapeza atagwada akuyang'ana mmene nkhululu imakumbira una, naye anagwada. Jekete lija linatha chilimwe chinacho. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse masana tinkamva belu la njinga, ngiri ngiri, ife thamangu kukalandira. Nkhuku ankazinga yekha mwa Chisilamu, amayi n'kumuphikira mu mphika wapadera umene sunaonepo mbewa. Anasokera bambo kaukonde ka neti yakale kogwirira agulugufe. Akakhala pansi pa mtengo wa mango ankakangana ngati akazi a mitala, uyu chala m'mwamba, uyu dzanja pakofia. Koma ndikuuzeni, tsiku la Che Bwanali bambo ankapuma bwino. Nkhope inkabwerera. Amayi ankati, "Mankhwala a mwamuna wanga amabwera pa njinga."

Mkangano wawo waukulu unali wa matondo, mbozi zonona zija zodya masamba a mitondo, zimene timakazinga ndi mchere mvula ikayamba. Kumudzi tinkati zimagwa ndi mvula, basi, tizidya. Bambo ankati ayi. Ankati tondo akakhuta amatsika mumtengo, amalowa pansi kukagona, ndipo chaka chikatembenuka amatuluka ndi mapiko n'kukaikira mazira. Ankati chigulugufe chachikulu chija cha maso pamapiko ndiye kholo la matondo.

Che Bwanali ankapukusa mutu. "Aphunzitsi, mbozi zina zija ndavomera, zimadzisokera kathumba, ndi atelala anzanga. Koma tondo sasoka kanthu. Amalowa m'dothi wamaliseche, amafera momwemo. Mapiko akawatenga kuti? Ine ndikudziwa, popanda nsalu palibe malaya."

"Mudzaona, Che Bwanali."

"Mundionetse, aphunzitsi. Ndikadzaona ndidzavula kofia."

Chaka choyamba bambo anatituma kukatola matondo amoyo, anawaika m'dengu ndi masamba ambiri, iwo n'kukagona pang'ono poti anali atatopa. Inali nthawi ija ndiwo zimasowa. Amayi pobwera kumunda anavundukula dengu, mtima wawo n'kuti mya. Madzulo tinadya bwino, tinanyambita zala, bambo anapempha zowonjezera. Atasamba m'manja anapita kukaona dengu lawo. Kunali zii.

"ANabanda, matondo anga?"

"Si omwe mwayamikira aja? Ine ndimati lero mwandikumbukira."

Che Bwanali atamva, anaseka mpaka kofia inagwa yokha. Anati, "Aphunzitsi, umboni mwaumeza. Tidikire, mwina mapiko amera pa inu."

Chaka chachiwiri bambo anachenjera. Anapempha mtsuko wong'aluka wa amayi, tinaudzaza dothi la pansi pa mtondo, anaikamo matondo okhwima, n'kuphimba ndi neti. Tinaona ndi maso athu akulowa m'dothi mmodzimmodzi, mutu kaye, kenako thupi lonse. Mtsuko anauika pangodya, kumutu kwa mphasa yawo. Nthawi ndi nthawi ankauwaza timadzi ndi zala, ngati mbusa pobatiza. Chotsala chinali kudikira. Masika adutse, chisanu chidutse, chilimwe chidutse, mpaka mvula yoyamba.

Koma chaka chimenecho mphumu sinabwerere mmene inkabwererera. Chisanu chinawagwetsa, ndipo pamene anthu anayamba kutentha tchire, utsi wa lupsa unawamaliza mphamvu. Milomo inatuwa. Miyendo inatupa. Mluzu uja unasiya kuimba, unayamba kukoka ngati chitseko cholemera. Mawu ankatuluka awiriawiri.

Kwathu kuli mwambo, ndipo amene munakulira kuchikamwini mukuudziwa. Mwamuna akadwalitsa kumudzi kwa mkazi, mkazi amatumiza mawu kwa abale ake, abwere adzamutenge akadwalire kwawo. Akafera kwa eni osauza abale, mlandu wake sutha, amati mwatidyera munthu. Amayi anazengereza, anazengereza, mpaka akuluakulu awo anawakhazika pansi. Mawu anapita. Pasanathe sabata ngolo inaima pabwalo. Munatsika azakhali aNaphiri, mlongo wawo wamkulu wa bambo, amene anawalera bambowo pamene amayi awo anamwalira, pamodzi ndi atsibweni awo.

Azakhali atawaona bambo anagwira pakamwa. Analira kaye, kenako anati, "Tiyeni kwathu, achimwene. Lero lomwe."

Bambo anati, "Alongo, mundisiye. Chizimalupsa chigwe kaye. Mvula yoyamba yokha."

"Mvula ikugwirizana bwanji ndi chifuwa?"

Bambo analoza mtsuko. Akanapanda kuloza! Azakhali anachotsa neti, anapisa dzanja m'dothi, anatulutsa kanthu kakuda, kolimba, konga chala chachikulu. Anakaika pachikhatho. Kanthu kaja kanagwedeza kumchira.

Mfuu umene anakuwa azakhali, nkhuku zinabalalika pabwalo. "Mayo ine! Munthu kugona ndi manda kumutu! Ndi izi zikukudyani, achimwene! Wakwirira izi ndani m'nyumba muno?" Pofunsapo maso anali pa amayi. Bambo ankafuna kufotokoza koma mpweya unawathawa, anangotsegula pakamwa ngati nsomba. Amayi anakhala pansi, manja pamutu. Ine ndinali mwana koma ndinamva kuti mawu amene akubwerawo akatuluka sadzabwereranso m'kamwa.

Linali Lamulungu. Ngiri ngiri, belu. Che Bwanali analowa, anayang'ana azakhali, anayang'ana amayi, anayang'ana mtsuko. Anavula nsapato mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani amayi, mtsukowu ndi wanga. Ndinangosungitsa. ANabanda sakudziwapo kanthu." Anatenga kanthu kaja m'dzanja la azakhali, anakabwezera m'dothi, anakafotsera bwinobwino, ananyamula mtsuko wake. Azakhali anamuyang'ana kuyambira kofia mpaka kuzala. Sanamuiwalenso.

Anawanyamula bambo pamphasa n'kuwaika m'ngolo. Amayi anakwera kuti akawadwazike, ine mwana wamkulu ndinakwera kuti ndizikatunga madzi, ang'ono anga anatsala ndi abale a amayi. Ngolo ikunyamuka, bambo sanayang'ane nyumba, sanayang'ane mtengo wa mango. Ankayang'ana Che Bwanali akumangirira mtsuko panjinga ndi luzi. Anakoka mpweya wonse umene anali nawo. "Musaugwedeze! Timadzi pang'ono!" Che Bwanali anakweza dzanja. Njinga sanakwere, anaikankha wapansi mpaka kumsika.

Kwawo kwa bambo anawagoneka m'kanyumba kopanda zenera. Ankawafukiza mizu, utsi tolo, iwo n'kumabanika, azakhali n'kumati matenda akutuluka. Musawaweruze azakhali anga. Phala ankawamwetsa okha, ankawasambitsa kumaso ngati khanda, ankawaitana dzina la paubwana. Amayi kumeneko anali mlendo, mawu awo anali a pansipansi. M'mawa uliwonse ndikalowa ndi madzi, bambo ankafunsa funso limodzi. "Esinati, mitambo?" Ndinkati kulibe, bambo. Tsiku lina ndinati iliko pang'ono kuvuma. Tsiku linanso sindinayankhe n'komwe, mvula inayankha yokha padenga. Chizimalupsa! Fungo la dothi linalowa m'kanyumba muja, bambo anatseka maso n'kumwetulira.

Patapita masiku ochepa, dzuwa lili pamutu, ndinamva belu. Ndinataya chikho. Che Bwanali uyo, matope mpaka m'mawondo, atapalasa kuyambira mbandakucha, pakaliyala pali dengu lophimba ndi neti. Azakhali anali pamtondo akusinja. Anaika munsi pansi n'kuima panjira.

"Mwabwera ndi chiyaninso, bambo inu?"

"Ndabwera ndi mphatso ya wodwala, amayi."

Azakhali anasuzumira. M'dengu muja chinthu chinatambasula mapiko, ndipo maso awiri aakulu anawayang'ana, osaphethira. Anabwerera chambuyo mpaka kugunda mtondo. "Chinthu cha maso pamsana! Bwererani nacho! Chikalowa m'nyumba umu, maliro mudzanyamula ndinu!" Atsibweni anadzuka n'kukaima pakhomo. Amuna ena anayamba kuyandikira. Amayi anayang'ana pansi.

Che Bwanali sanakangane. Anaima pomwepo, anavula kofia, anaikweza m'mwamba ngakhale wodwala sakanaiona, n'kufuula, "Aphunzitsi! Ndine Bwanali! Kofia ndavula! Malaya asokeka popanda nsalu!"

M'nyumba munamveka kutsokomola. Kenako mawu aang'ono. "Chatuluka?"

"Chatuluka m'dothi lomwe lija! Chikhungwa chake ndachipeza, chong'ambika pamsana. Ndagonja, aphunzitsi, ndagonja ine telala!"

"Maso?"

"Alipo!"

"Tinyanga?"

"Ngati nthenga za nkhuku!"

"Chachimuna," anatero bambo, ndipo tinamva akuseka, kuseka kosakanikirana ndi kutsokomola. Atapuma anati, "Alongo, ndichione. Pakhomo pokha."

Azakhali misozi ili mbwembwembwe anati, "Ayi, achimwene. Ndinakulerani ine. Sindikuperekani ndi manja anga."

Tinamva mphasa ikukhwekhwereza, bambo akuyesa kudzuka. Tinamva akugwa. Amayi anathamangira mkati. Pamene onse anatembenukira kukhomo, Che Bwanali ananyamula dengu, anazungulira kuseri, anandifunsa ndi maso kuti mutu wa bambo uli mbali iti. Ndinaloza. Anagunditsa dengu kukhoma n'kuligwedeza pang'ono. Chigulugufe chinayamba kukupiza mapiko, pha pha pha pha, kumenya neti, kumenya dengu. "Chili apa, aphunzitsi. Tcherani khutu."

Mkati kutsokomola kunaleka. Kwa kanthawi mudzi wonse unangomva mapiko.

Atsibweni anabwera n'kumugwira Che Bwanali paphewa, osati mwaukali, n'kumuperekeza kunja kwa mudzi. Ngakhale madzi akumwa sanamupatse. Ine ndinatsatira chapatali mpaka kudambo, kumene kunali mitondo. Kumeneko anachotsa neti, anachinyamula pachala n'kuchiika pa tsinde. Sichinauluke. Chinangokakamira khungwa, chikunjenjemera. Anati, "Bwera, mwanangu, uyang'anitsitse. Uyang'anire awiri." Ndinayang'ana, ndinayang'ana mpaka maso anawawa. Iye anapukuta kumaso ndi kofia, anakwera njinga, anapita osaliza belu.

Nditabwerera ndinalowa ndi madzi monga mwa masiku onse. Bambo anandigwira dzanja. "Wachiona?" Ndinati ndachiona. "Ndiuze. Pang'onopang'ono." Azakhali anali pakhomo pomwepo akupeta. Ndikanayankhula akanandiletsa, koma mwana akamaimba ndani amamufunsa? Ndiye ndinakhala kumiyendo kwawo n'kuyamba, ngati nyimbo ya pamtondo:

Chachikulu, bambo, ngati manja anga awiri,
mapiko ngati dothi la pachulu mvula itagwa,
m'mphepete mzere woyera, woyera ngati ufa,
diso lili apa, diso lili apa,
pakati moto, kunja makala,
thupi laubweya ngati mwana wa mbewa.

Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa ngati kunsi kwa mapiko kunali kofiirira, ndinati sindinaone kunsi. Anati, "Palibe kanthu. Chaka chamawa tidzaona kunsi." Masiku otsatirawo sanafunsenso za mitambo. Ndikalowa ankangoti, "Ija," ine n'kuimba.

Matondo a chaka chimenecho asanatsike m'mitengo, bambo anatisiya. Che Bwanali anabwera kumaliro, anakhala patali pansi pa mtengo, yekha, palibe anamupatsa moni koma amayi. Tinabwerera kwathu, zikho ndi zitini zija amayi anazikhuthula kutchire akulira. Ine sukulu inathera pomwepo, ndinatenga khasu kuthandiza amayi. Mwana wa aphunzitsi, kalata ndimalemba ngati ndikusenza nkhuni. Che Bwanali anasokabe pakhonde paja kanthawi, akationa kumsika ankatiitana n'kutisokera zigamba, koma za tizilombo sanazitchulenso. Kenako tinangomva kuti anabwerera kwawo.

Moyo wandikomera, anzanga, sindinama. Ndabereka, ndalera, ndavina maukwati, lero ndikukwera lifiti ndi batani. Ndimaimba posesa, ndimaimba potsuka mbale, mlonda wa pageti pathu, mnyamata wa ku Dowa, amati agogo mukayamba ndimaiwala kuti ndili kunja. Koma zinthu zasintha mondipweteka. Kusukulu kwa Takondwa akuti mbozi amazisunga m'bokosi la galasi m'kalasi momwemo, ndipo zikatuluka ndi mapiko ana amaomba m'manja, aphunzitsi n'kujambula pafoni. Palibe amakuwa, palibe amaima pakhomo. Ndinamufunsa Lusiya za mphumu, anatsegula chikwama chake cha kuntchito n'kutulutsa kapompi kokwana m'dzanja. Anati, "Amayi, masiku ano ambiri timangowapatsa aka, amapopera m'kamwa, amakalamba nako." Ndinakagwira, kopepuka ngati chisononkho. Ndinakabweza msanga.

Anthu onse a tsiku lija ankawakonda bambo. Amene anaima panjira ankawakonda, amene anapalasa njinga ankawakonda, amene anayang'ana pansi ankawakonda. Ndiye ndikwiyire ndani? Ndakalamba ndikumufuna woti ndimukwiyire, sindinamupeze. Chimene chinanditsalira ndi khoma lija. Linali la mitengo ndi dothi, ndinkalizira ndekha ndi manja anga, ndikulidziwa. Kuchindikala kwake kunali ngati chikhatho changachi. Zaka ziwiri munthu akudikira, mbali iyi mutu wake, mbali iyo mapiko, pakati chikhatho chimodzi.